Wopereka mafuta a m'mafupa a mwana wanga ndikamupeza kuti?

"Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25. Mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 7, anayamba kutuluka kamfuno kosaleka, thupi lonse zigamba zakuda ngati wamenyedwa, m'manja mutayera. Ku Central anamuboola fupa la m'chiuno n'kutiuza kuti ali ndi aplastic anaemia, mafupa ake asiya kupanga magazi. Pofika pano amuika magazi kasanu. Akuti chomwe chingamuchize n'kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, kunja kwa dziko lino. Nditalemba pa Facebook ndi pagulu la WhatsApp la kumpingo, anthu oposa 60 anena kuti ndi okonzeka kupereka, ndipo ambiri ndi a gulu la magazi la O ngati iyeyo. Ndipite nawo kuti akayezedwe? Adokotala anatchulanso mlongo wake wa zaka 10 ndi mng'ono wake wa zaka 4, koma apongozi anga akanitsitsa, akuti mtsikanayo akamuchotsa za pamsana adzapuwala kapena sadzabereka. Bambo ake akuti ulendo wina adzapereka okha magazi. Mutu wanga waima." Mayi wa ku Area 25

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Ndakhala ndikuona ana odwala matenda a magazi kuno ku Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene mtima umawawira munthu ukamachapa pilo wamagazi m'mawa uliwonse. Palibe chimene munalakwitsa. Kawirikawiri matendawa amayamba chifukwa asilikali a m'thupi mwa mwana asokonekera n'kuyamba kuwononga maselo ake omwe opanga magazi. Nthawi zina amabwera pambuyo pa nthenda ya chiwindi kapena mankhwala ena monga chloramphenicol, koma mwa ana ambiri choyambitsa sichipezeka ngakhale tifufuze chotani. Si chakudya chimene munamumana, si opatsirana, ndipo palibe munthu wa pamudzi amene anawatumiza. Komanso ndi matenda amene ana amachira.

Ndiyambe ndi bambo ake, chifukwa iyi ndi nkhani ya lero lomwe. Asapereke magazi oti aikidwe mwa mwanayu. Inunso ayi, ngakhale m'bale wina aliyense wapafupi. Zikumveka zachilendo, poti tinazolowera kuti wodwala akasowa magazi abale ndiwo amayamba kupinda malaya. Koma thupi la mwana likalandira magazi a munthu, limaloweza zizindikiro za munthuyo n'kukonzeratu asilikali olimbana nazo. Tsiku limene mudzafune kuti bambo akewo apereke mafuta a m'mafupa, kapena mlongo wake amene anatengera theka la zizindikiro zake kwa bambo omwewo, thupi likhoza kuwazindikira n'kuwakana. Magazi a mwana wanu azichokera kwa anthu osawadziwa, kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service (MBTS). Mufunsenso adokotala ngati n'kotheka kupeza magazi osefedwa, ochotsedwa maselo oyera, chifukwa amenewo sautsa thupi kwambiri. Koma izi zisakuchititseni kukana magazi pamene akufunika. Mwana amene akupuma movutikira kapena akutaya magazi ayenera kuikidwa tsiku lomwelo.

Tsopano za anthu 60 aja. Mukaswa fupa la mbuzi mumapeza zonona zija timakonda kuyamwa. Mwa mwana zimenezo zimakhala zofiira, ndipo ndi nazale ya magazi onse: maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera olimbana ndi tizilombo, ndi mapuleteleti amene amatseka pamene magazi akutuluka. Mwa mwana wanu nazaleyo yauma. Magazi amene akumuika amagwira ntchito milungu yochepa, mapuleteleti masiku ochepa chabe, kenako mumabwereranso. Kuika mafuta a m'mafupa ndiko kufesa mbewu yatsopano m'nazalemo, ndipo kuti mbewuyo imere, gulu la magazi si limene timayang'ana. Wa gulu la A akhoza kupereka kwa wa gulu la O, ndipo pakapita miyezi wolandirayo gulu lake limasintha n'kukhala la woperekayo. Chimene timayang'ana ndi zizindikiro zina za pa maselo zotchedwa HLA, zimene asilikali a m'thupi amazigwiritsa ntchito posiyanitsa mwini nyumba ndi mlendo. Madokotala amayerekeza zizindikiro 10, ndipo amasangalala zikafanana zonse 10.

Zizindikirozi sitimatengera chimodzichimodzi, zimabwera m'mitolo. Munthu aliyense ali ndi mitolo iwiri, wina wochokera kwa bambo, wina kwa mayi. Tinene kuti amuna anu ali ndi mtolo 1 ndi 2, inu muli ndi 3 ndi 4. Mwana aliyense amene mwabereka nawo amakhala ndi 1 ndi 3, kapena 1 ndi 4, kapena 2 ndi 3, kapena 2 ndi 4. Njira ndi zinayi zokha basi. N'chifukwa chake m'bale wa bere limodzi, bambo mmodzi mayi mmodzi, ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wofanana kotheratu ndi wodwalayo. Inu poti muli ndi ana awiri oti ayezedwe, mwayi woti mmodzi mwa iwo afanane naye ndi pafupifupi 44 pa 100. Ana a mayi wina kapena a bambo wina sayembekezeka kufanana kotheratu, akafanana ndi theka. Asuweni mwayi wawo ndi wochepa kuposa pamenepo. Akuluakulu anati chibale n'fupa sichiwola, ndipo pa nkhani iyi mawuwo ndi oona mpaka mkati mwa fupa lenilenilo.

Munthu wapadera, ngakhale wa mpingo umodzi kapena mudzi umodzi, mwayi wake wofanana ndi mwana wanu ndi umodzi mwa masauzande ambirimbiri. Kuyeza HLA n'kodula ndipo magazi kapena kathonje kopaka m'tsaya amatumizidwa kunja, choncho kuyeza anthu 60 kungathe ndalama zimene zikanalipira ulendo, popanda kupeza aliyense. Mayiko ena anathetsa vutoli posunga kaundula wa anthu odzipereka amene anayezedwa kale. Makaundula a padziko lonse amalumikizana kudzera ku World Marrow Donor Association ndipo muli anthu oposa 40 miliyoni. Kuno ku Malawi tilibe kaundula wotere. Wapafupi ali ku South Africa, kumene kuli South African Bone Marrow Registry, imene inayamba mu 1991, ndi DKMS Africa. Chondiwawa n'chakuti anthu akudafe ndife ochepa m'makaundulawa, chonsecho mitundu ya HLA ndi yosiyanasiyana kwambiri pakati pa anthu a mu Africa kuposa kwina kulikonse. Ku America, bungwe la NMDP, limene limasunga kaundula wa kumeneko, linanena kuti mzungu ali ndi mwayi wa 79 pa 100 wopeza wofanana naye, pamene munthu wakuda ndi 29 pa 100. Dziwaninso kuti kholo silingafufuze lokha m'kaundula. Amene amapempha kafukufukuyo ndi dokotala wa chipatala chimene chidzagwire ntchitoyo, ndipo zimatenga miyezi.

Anthu 60 aja musawabweze. Muwatumize ku MBTS akapereke magazi, makamaka nthawi ya holide pamene magazi amachepa chifukwa ana asukulu, amene amapereka kwambiri, abalalika. Mapuleteleti sasungika kupitirira masiku asanu kapena apo, ndiye pamafunika opereka sabata iliyonse. Mwa opereka oterowo ndi mmene mwana wanu akukhalira moyo pakali pano. Amene ali ndi abale ku Joni awauze akafunse zolembetsa m'kaundula wa kumeneko, podziwa kuti akulembetsera wodwala aliyense amene angadzafanane nawo.

Choncho kusaka kuyambire m'nyumba mwanu. Pemphani adokotala a ku Central akonze zoti ayezedwe HLA anthu asanu: wodwalayo, mlongo wake, mng'ono wake, inu ndi bambo ake. Kuyezako ndi kamagazi pang'ono kapena kathonje m'kamwa, ndipo zotsatira zimabwera patatha milungu ingapo. Kuyezedwa si kuvomera kupereka, apongozi anu amve zimenezo. Mufunsenso ngati mwanayu anamuyeza Fanconi anaemia, mtundu wobadwa nawo wa matenda omwewa. Ana ena amene ali nawo amakhala afupi msinkhu, ali ndi zigamba pakhungu kapena chala chachikulu chopangika mwachilendo, koma ena saoneka chilichonse. Zimenezi n'zofunika chifukwa mankhwala okonzekeretsa mwana wotere amakhala ena, ndipo m'bale wake akhoza kukhala nawonso asanayambe kudwala. Pali china chimene ndimauza banja lililonse, osati inu nokha: zotsatira za HLA zikhoza kuonetsa kuti ana si a bambo mmodzi. Ngati pali nkhani yotere m'banja, ndi bwino kunong'oneza dokotala musanayezedwe, ndipo iye amasunga chinsinsi.

Apongozi anu sakukana chifukwa chouma mtima. Aona mdzukulu mmodzi akufooka ndipo akuopa kutaya awiri. Mantha awo akuchokera pa nkhani ya kuchotsa madzi a pamsana, imene anthu ambiri kwathu kuno amaiopa, koma zinthu ziwirizi n'zosiyana. Ndimakumbukira agogo ena a ku Mitundu amene anakhala pabenchi kunja kwa wodi, atafunda chitenje kumutu, osafuna n'kundiyang'ana komwe. Ndinawapempha kuti apise dzanja kumbuyo, pamene amamangira chitenje, agwire mafupa awiri otukuka aja, lina kumanja lina kumanzere kwa msana. Atawapeza ndinati, "Agogo, potenga pake ndi pamenepo. Mtsempha woyendetsa miyendo uli pakati apo, m'kati mwa mafupa a msana, ndipo singano siifikako." Anakhala chete, dzanja likadali kumbuyo, kenako anafunsa kuti, "Nanga dzenjelo adzatseka ndi chiyani?" Funso labwino kwambiri. Palibe dzenje lotsala ndipo palibe fupa limene amachotsa. Woperekayo amamugonetsa ndi mankhwala, n'kukoka ndi singano zamadzimadzi zooneka ngati magazi okhuthala, kwa ola limodzi kapena awiri. Thupi limabwezeretsa zonsezo m'milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Chiberekero sachikhudza n'komwe. Ndi pamalo pomwe paja anaboola mwana wanu pomuyeza, ndipo apongozi anu akumuona akuyenda.

Sindinganame kuti palibe chovuta chilichonse. Mwanayo amamva kuwawa m'chiuno masiku angapo ngati wagwa chagada, amatopa, mwina amamwa mapiritsi a ayironi kwa kanthawi, ndipo mankhwala ogonetsa ali ndi chiopsezo chake ngakhale chili chochepa kwambiri. Madokotala amayamba amuyeza bwinobwino woperekayo, kuphatikizapo HIV, matenda a chiwindi ndi malungo, ndipo kuchuluka kwa zimene amatenga kumatengera sikelo yake. N'chifukwa chake onse awiri atafanana naye, thupi lokulirapo la mtsikanayo lingakhale chimodzi mwa zimene angaganizire. Ana akhala akupereka kwa abale awo kuyambira 1968, pamene Dr Robert Good ku Minnesota anapulumutsa khanda lalimuna ndi mafuta a m'mafupa a mlongo wake. Mubwere nawo apongozi anuwo kuchipatala, pamodzi ndi amalume awo a anawa, adzamve okha ndi kufunsa okha. Nkhani zotere zikamveka kudzera mwa inu nokha zimasanduka mkangano wa mabanja.

M'bale wofanana kotheratu akapezeka, mwa ana 10 a matenda ngati a mwana wanu pafupifupi 9 amachira, makamaka zikachitika msanga asanaikidwe magazi kambirimbiri. Akapanda kupezeka, njira sizinathe. Yoyamba ndi mankhwala ogonetsa asilikali osokonekera aja, ATG pamodzi ndi ciclosporin, nthawi zina kuwonjezerapo eltrombopag. Mwa odwala atatu, pafupifupi awiri amayamba kupanganso magazi, koma zimatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti zioneke, matendawa akhoza kubwereranso, ndipo ATG ndi wodula komanso wovuta kupeza. Yachiwiri ndi imene yasintha zinthu kwa mabanja ngati lanu. Kumbukirani mitolo ija: kholo lililonse limafanana ndi mwana wake theka. Kale theka linali losakwana, koma madokotala a ku Johns Hopkins ku Baltimore anapeza kuti kupereka mankhwala a cyclophosphamide pa tsiku lachitatu ndi lachinayi mwana ataikidwa mafutawo kumapha asilikali olusa a woperekayo n'kusiya mbewu ija ili bwinobwino. Lero zipatala zambiri za ku India ndi ku South Africa zimagwiritsa ntchito kholo ngati wopereka. Chiopsezo chake ndi chokulirapo kuposa cha m'bale wofanana kotheratu, koma tanthauzo lake n'lakuti pafupifupi mwana aliyense ali naye wopereka pakhomo. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ndakanizira bambo ake kupereka magazi.

Kunena zoona, Mayi, chimene chimagwetsa mabanja ambiri kuno ndi ndalama ndi nthawi, osati kusowa wopereka. Ntchitoyi sichitika ku Malawi. Anthu amapita ku India kapena ku South Africa, ndipo ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba mu 2023 kuika mafuta a m'mafupa mwa ana odwala sickle cell, matenda ena a magazi. Mtengo wake ndi madola masauzande makumi angapo, osawerengera ndege, malo ogona ndi chakudya cha anthu atatu kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Unduna wa Zaumoyo uli ndi komiti yoona zotumiza odwala kunja, ndipo amene amapereka dzina la wodwala kumeneko ndi dokotala wamkulu amene akumuona. Mndandanda ndi wautali, ndiye pemphani kalatayo ilembedwe tsopano, musadikire zotsatira za HLA. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina ya kuntchito, kafunseni molemba zimene angalipire. Yambanipo za zikalata za kubadwa ku NRB ndi mapasipoti a ana onse atatu, chifukwa ndaona mabanja atapeza zonse n'kutsakamira pa pasipoti. Mukamasonkhetsa ndalama, khalani ndi kalata ya chipatala cholandiracho yonena mtengo wonse, ndipo ndalama zipite ku akaunti ya chipatalacho. Poti mwalengeza pa Facebook, madobadoba akuimbirani, ena onena kuti ali ndi wopereka wogulitsa, ena oti akuthamangitsirani fayilo. Mafuta a m'mafupa sagulitsidwa, ndipo aliyense wotchula mtengo wa wopereka ndi wakuba.

Mudziwiretunso zimene mwana adzadutsemo. Amayamba walandira mankhwala amphamvu kwa masiku angapo kuti thupi lisakane mbewu yatsopano. Kuikako si opaleshoni ayi. Nditaona koyamba, pamene ndinali pa maphunziro kunja, ndinadabwa kuti ndi thumba lofiira lopachikidwa ngati diripi, mwana ali gone akuonera katuni. Zovuta zimabwera pambuyo pake. Kwa milungu iwiri mpaka inayi amakhala wopanda chitetezo, m'chipinda cha yekha, tsitsi litathothoka, m'kamwa muli zilonda. Mbewuyo ikhoza kukanika kumera, kapena asilikali a woperekayo akhoza kuukira khungu, matumbo ndi chiwindi cha mwana, vuto lotchedwa GVHD. Ana ena amamwalira ndi zimenezi, sindikubisirani. Akabwerako amamwa ciclosporin kwa miyezi yambiri, mwina chaka, amayezedwa magazi pafupipafupi, ndipo katemera amayambiranso. Funso la kubereka loyenera kufunsa ndi la iyeyu, osati la mlongo wake, ngakhale kuti pa matenda amenewa mankhwala ake amakhala ocheperako mphamvu ndipo ambiri amadzabereka.

Pamene zonsezi zikuyenda, ntchito yanu yaikulu ndi kumusunga mwanayu kuti akafike. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kukafika 38, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale mwana akusewera, nyamukani molunjika ku Central ndi kabuku kake ka kuchipatala. Musayambe mwamupatsa Panado kuti muone mmene kuchere, musadutsire kugolosale kapena pakiliniki ya pafupi kukagula LA. Mwana wopanda maselo oyera tizilombo timamugonjetsa m'maola ochepa. Thamanganinso naye kamfuno kakapitirira mphindi 15 mutatsina mphuno iye atawerama, akasanza magazi, chimbudzi chikada ngati phula, mutu ukamuwawa kwambiri, akayamba kusinza modabwitsa kapena kukomoka, ngakhalenso akangogunda mutu. Aspirin, Brufen ndi Indocid asayandikire pakamwa pake. Asabayidwe jakisoni wa pathako, asazulidwe dzino adokotala ake osadziwa. Ndikupemphani ndi mtima wonse, wina asamuteme mphini. Ndinaonapo mwana atabwera nsalu yonse ili chonyowa chifukwa cha timabala tating'ono ta lezala timene sitinkaleka kukha magazi. Azigona m'neti, azimwa madzi owiritsa, azidya chakudya chophikidwa kumene, mswachi ukhale wofewa, ndipo mpira ndi njinga ziyambe zaima. Chidede ndi masamba a mapeyala zimene anthu akukulangizani sizingadzutse nazale youma. Mapiritsi owonjezera magazi musamupatse pokhapokha atalemba adokotala ake, chifukwa magazi amene akuikidwawo akumusiyira kale ayironi wochuluka m'thupi.

Mtsikana wanu wa zaka 10 akumva zonse zimene zikukambidwa m'nyumbamo, kuphatikizapo zoti adzapuwala. Mukhale naye pansi awiriwiri musanapite kokayezetsa. Mumuuze kuti akukamutenga kamagazi pang'ono basi, kuti akapezeka wofanana ndi mlongo wake madokotala adzamufotokozera iye mwini ndi kumumvera, ndiponso kuti akapanda kufanana, kapena zinthu zikadzavuta pambuyo pake, si mlandu wake. Mawu akuti "moyo wa mlongo wako uli m'manja mwako" asatuluke pakamwa pa munthu aliyense pakhomopo. Tsiku lokayezetsalo mumutengere kabuku kake ka kuchipatala, ndi ka mng'ono wakenso.